Khasu la Chaka: Pamiyala Napo Pamakumbika

Makomo ambiri kuno ku Lundazi, makamaka a kumtunda, ali ndi malo amene eni ake adawataya mtima: pansangalabwi, pamene khasu wamba limangodumpha kenako n'kupindika. Malo otere amafuna khasu la chaka.

Ambiri mudaliona kwa alimi a gamphani, ulimi wa m'maenje. Bungwe la Conservation Farming Unit, lomwe lidayamba ntchito mu 1996, ndilo lidalifalitsa m'Zambia pophunzitsa kukumba maenje a masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi ndi 20 kuya kwake. Chitsulo cha khasuli n'chopapatiza, chochindikala ndiponso cholemera, ndipo mpini wake ndi wautali.

Osalimbana nalo ayi. Tangadzani miyendo, likwezeni, mulisiye ligwe ndi kulemera kwake. Likalowa, kankhirani mpini kutsogolo kuti dothi ligumuke. Wokumba ndi mphamvu zake zonse amatopa dzuwa lisanakwere, msana uli gwa. Ana akhale patali, chifukwa timiyala timathethekera m'maso. Mukaweruka, chotsani dothi, nolani ndi tupa, ndipo onani ngati mpini sukugwedera. Kumbani mukangokolola, nthaka isanaumitse.

Khasuli si lakumunda kokha. Pakhomo, pasukulu kapena patchalitchi, malo amiyala aja akhoza kukongola ndi maluwa. Duwa lotchedwa California poppy, lachikasu chofiirira, limakonda dothi lotere losasunga madzi. Gumulani dothi, zulani udzu, koma miyala ing'onoing'ono musataye. Ibwezereni pamwamba kuti isunge chinyontho. Manyowa akachuluka duwali limangochita masamba, choncho thirani pang'ono chabe. Fesani mu Epulo kapena Meyi, mvula itatha, pamalo pomwepo pamene mukufuna kuti likulire, popeza muzu wake ndi umodzi wautali ndipo sulola kuwokera. Njere zake n'zazing'ono kwambiri, musazikwirire mozama. Thirirani mopepuka mpaka zitamera, kenako patulirani kuti pakhale mpata wa chikhatho chimodzi. Maluwa amatseguka dzuwa likawala ndipo amatseka madzulo. Njuchi zimawakonda.

Chenjerani pogula mbewu: mtundu wina wa poppy, wopangira mankhwala osokoneza bongo, ndi woletsedwa m'dziko muno, ndipo a DEC, bungwe lolimbana ndi mankhwalawa, amamanga wolima. Werengani dzina papaketi.

Ngati khasuli lakukwererani mtengo, sonkhani ndalama pakalabu mugule limodzi, muzibwerekana. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu akuonetseni kagwiridwe kake musanayambe kukumba.