Pamene Nsima Ikana Kutsika

Chakudya chimene timameza chimayenda m'njira yotalika pafupifupi masentimita 25, kuchokera pakhosi kukafika m'mimba. Njira imeneyi ndiyo m'mero. M'mero ukachepa, munthu amayamba kutsamwa ndi nyama, kenaka nsima nayonso imaima pachifuwa. Ambiri amangosinthira ku phala ndi thobwa osauza munthu. Ena miyezi imawathera kwa asing'anga poganiza kuti anadyetsedwa, ndipo pofika kuchipatala amakhala ataonda zomvetsa chisoni.

Chimodzi chimene chimachepetsa m'mero ndi chipsera. Mwana akamwa soda wopangira sopo, amene amayi ena amasunga m'botolo la zakumwa, amapsa m'kati, ndipo chilondacho pouma chimakwinya njira. Mwana wotere musam'sanzitse, pakuti sodayo amaotchanso pobwerera. Thamangani naye kuchipatala. Chilungulira cha zaka zambiri nachonso chimasiya chipsera.

Odwala otere chipatala cha boma chimawatumiza ku zipatala zazikulu, monga Kamuzu Central mu mzinda wa Lilongwe, chimene chinatsegulidwa mu 1977. Poyamba dokotala amalowetsa kapaipi ka nyali kukamwa kuti aone pamene pachepa. Akapeza chipsera angathe kuchifutukula. Njira imodzi ndiyo ya baluni: amaika kabaluni kosafufuma pamalo opanikizikawo, nakapopa pang'onopang'ono kufikira chipseracho chitatanuka, kenaka amakaphwetsa ndi kukatulutsa. Sacheka paliponse. Wodwala asadye kanthu maola 6 kapena 8 ntchitoyi isanachitike.

Tsono mvetsetsani apa. Chipsera chimakonda kubwerera, makamaka cha soda, motero kufutukula kamodzi sikukwanira. Tsiku limene mwalemberedwa m'buku lanu la chipatala musalidumphe, ngakhale nsima itayamba kutsika. Mukamva kupweteka kwambiri pachifuwa, kutentha thupi kapena kubanika mutabwerera kumudzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa nthaŵi zina m'mero umang'ambika.

Koma kwa akuluakulu kuno ku Malaŵi, kulephera kumeza kaŵirikaŵiri kumadza ndi khansa ya kum'mero, imene dziko lathu lili m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri. Fodya ndi kachasu zimaonjezera ngoziyi. Baluni sachiza khansa; kwa odwala ena madokotala amaika kapaipi kokhalira momwemo kuti chakudya chizidutsa. Kusiyanitsa chipsera ndi khansa kumafuna kudula kanyama pang'ono kokayeza, ndipo ntchito imeneyi imayamba ndi kalata yochokera kuchipatala chanu chaching'ono.