Mwana wanga akufuna kusiya ntchito chifukwa cha snooker



Ndine mayi wa ana atatu. Ndimakhala ku Leicester, m'dziko la England, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka 20. Anabadwira ku Zomba koma wakulira kuno. Amagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo masiku ena amapita ku koleji kukaphunzira zamagetsi. Akangoweruka, ulendo wa ku kalabu ya snooker, kubwera kwake tonse titagona kale.

Anayamba ndi pool ali wamng'ono, kenako anasamukira pa tebulo lalikulu. Anzake amati pa kalabupo palibe womuposa, ndipo zikho za ligi ya m'dera lathu zili pabalaza panga. Tsopano wandiuza kuti akufuna kusiya ntchito ndi sukulu yomwe kuti azisewera tsiku lonse, pokonzekera mpikisano wotchedwa Q School. Akuti akapambana adzapatsidwa khadi lomulola kusewera ndi akatswiri a pa TV, ndipo tsiku lina adzafika pomwe anafika Mark Selby, amene kwawo ndi konkuno. Akupempha kuti ndimuthandize ndi ndalama zomwe ndakhala ndikusunga kuti ndimalizire nyumba kumudzi. Akulonjeza kuti adzabweza.

Malume ake akuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi umusemere, imufotere yekha. Ine mtima sukundilola kutero. Luso lake sindikufuna kulipha, koma thukuta langa la usiku ndi usana sindikufunanso kulitaya. Kodi mpikisano umenewu umayenda bwanji? Munthu angadye ndi snooker? Ndamvanso kuti pali njira ina ya osewera a ku Africa. Poti iye anabadwira ku Malawi, kodi imeneyo singamupepukire?

Mayi wothedwa nzeru,
Leicester

YANKHO

Mayi,

Mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, komanso musanamukanize mwanayo. Langizo langa ndi lakuti mumulole ayese, koma ntchito ndi sukulu asasiye pakadali pano, ndipo ndalama za nyumba zikhale pomwe zili. Ndikufotokozerani chifukwa chake.

Mipikisano ya akatswiri olipidwa imayendetsedwa ndi World Snooker Tour, ndipo malo alipo pafupifupi 128 okha padziko lonse. Sizoni ikatha, osewera 64 apamwamba amatsala, pamodzi ndi amene akadali m'chaka choyamba cha khadi lawo la zaka ziwiri. Ambiri mwa otsalawo amatsika, ndipo malo awo ndi amene amalimbiranidwa. Q School, yomwe inayamba mu 2011, ndi imodzi mwa njira zotengera malowo. Imayamba mu May, mpikisano wa dziko lonse wa ku Crucible Theatre ku Sheffield ukangotha, ndipo mu 2023, 2024 ndi 2025 inachitikira mumzinda mwanu momwemo. N'zosadabwitsa kuti mnyamata wanu akuiona ngati ili pakhomo.

Aliyense wolipira ndalama yolowera amaloledwa kusewera, ndipo kwa zaka zambiri ndalamayo inali mapaundi 1,000. Zaka zitatu ndatchulazi panali mipikisano iwiri yotsatizana, uliwonse ukupereka makhadi anayi. Ndiye kuti makhadi 8, pomwe olimbirana anali oposa 150. Ndi mpikisano wachipulula: gemu imakhala ya mafulemu 7, woyamba kutenga 4 wapambana, ndipo wogonja amatuluka pompo. Wofuna khadi ayenera kupambana magemu asanu kapena asanu ndi imodzi motsatizana osapunthwa. Gemu yaifupi chonchi simupatsa munthu mpata wokonza zolakwa. Mpira umodzi wophonyeka m'fulemu yachiwiri ukhoza kumumalizira munthu chaka chonse.

Chimene achinyamata ambiri sachiganizira ndi anthu amene adzakumana nawo pa tebulo. Kumeneko kumabwera osewera amene angotsika kumene, omwe akhala zaka akumenyana ndi akatswiri monga Ronnie O'Sullivan ndi Judd Trump. Fergal O'Brien wa ku Ireland, amene anatenga British Open mu 1999, anabwerera kudzera ku Q School mu 2022 ali ndi zaka 50. Michael Holt, amene anapambana mpikisano wa Shoot Out mu 2020, anatsika mu 2022 ndipo analephera ku Q School zaka ziwiri zotsatizana. Ngati munthu wa chikho m'manja angakanike kawiri, katswiri wa ligi ya m'dera ayenera kudziwa kuti akulowa m'dziwe lakuya. Ngakhale tebulo lenilenilo ndi losiyana. Matebulo a mipikisanoyi ali ndi mabowo opanikiza kuposa a m'makalabu ambiri, ndipo nsalu yake ndi yoterera, moti mpira umathamanga mosiyana ndi momwe dzanja linazolowera.

Tsopano funso lanu loti munthu angadye nayo. Ochepa amadya nayo bwino ndithu: wopambana mpikisano wa dziko lonse mu 2025 analandira mapaundi 500,000. Koma khadi palokha si malipiro a pamwezi. Mndandanda wa akatswiri umawerengedwa potengera ndalama zomwe munthu wapambana pa zaka ziwiri. Wolowa kumene amayambira pansi penipeni opanda kalikonse, ndipo pofika kumapeto kwa chaka chachiwiri ayenera kukhala m'gulu la 64 apamwamba, apo ayi khadi limamuthera, kupatula malo ochepa operekedwa kwa amene achita bwino m'sizoni yomalizayo. M'mipikisano yambiri wogonja pa gemu yoyamba salandira kanthu, chonsecho thiransipoti, malo ogona, chakudya ndi malo ochitira pulakatisi amadzilipirira yekha. Mu sizoni ya 2022/23, World Snooker Tour inayamba kutsimikizira wosewera aliyense mapaundi 20,000 pachaka, koma ndalamayi imawerengedwa pamodzi ndi zomwe wapambana, sibwera pamwamba pake. Mukachotsapo zolipira zonsezo, inu amene mumadziwa mtengo wa lendi ndi magetsi ku England mudzaona nokha kuti chotsala n'chochepa. Choncho lonjezo loti adzabweza ndalama za nyumba, ngakhale likuchokera mu mtima woona, lilibe poyambira.

Sindikunena izi kuti ndimugwetse mphwayi. Khomo limeneli anthu wamba analowerapo. Jordan Brown wa ku Northern Ireland anasewerako ngati katswiri sizoni imodzi, natsika, ndipo kwa zaka zingapo ankagwira ntchito pa malo omwetsera mafuta a galimoto. Anabwerera kudzera ku Q School mu 2018. Mu 2021, ali ndi zaka 33 komanso ali pa nambala 81 padziko lonse, anagonjetsa Ronnie O'Sullivan ndi mafulemu 9 kwa 8 n'kutenga Welsh Open. Mukamamuuza mwana wanu nkhani imeneyi, mumuonetse mbali ziwiri zonse. Malotowo ndi otheka, komanso munthuyo ankagwira ntchito pomwe ankadikira nthawi yake. Snooker ili ndi ubwino woti sithamangitsa munthu ndi zaka monga mpira wamiyendo. Mark Williams anafika ndime yotsiriza ya mpikisano wa dziko lonse mu 2025 ali ndi zaka 50. Mnyamata wa zaka 20 satayapo kanthu akayamba wamaliza satifiketi yake ya zamagetsi.

Pali njira yodziyesera yomwe sidya ndalama zambiri nthawi imodzi. Bungwe la WPBSA limayendetsa Q Tour, mipikisano ya osewera omwe alibe khadi, imene imachitika kangapo pa sizoni. Wokhala pamwamba pa mndandanda wake amalandira khadi, ndipo ena amalipeza pa mpikisano womaliza wa amene achita bwino. Michael Holt uja anabwerera kudzera njira imeneyi mu 2024. Ku England kulinso bungwe la EPSB, lomwe limakonza mipikisano ya osewera osalipidwa, kuphatikizapo English Amateur Championship, yomwe inayamba mu 1916. Kumeneku ndi komwe choona chimaonekera. Ngati mwana wanu akumatuluka pa gemu yoyamba kapena yachiwiri m'mipikisano imeneyi, Q School ingangomudyera ndalama. Akayamba kufika m'ndime za anthu 16 kapena 8 otsiriza mobwerezabwereza, ndiye kuti pali chogwirika. Mumufunsenso kuti ndi kangati wamenya buleki ya mapointi 100 (mapointi opeza motsatizana osaphonya) pa mpikisano weniweni, osati posewera ndi anzake. Amene amatenga makhadi ndi anthu omwe buleki yotere ndi chizolowezi kwa iwo. Ndi bwinonso kuti akaonedwe ndi kochi wovomerezeka ndi WPBSA, munthu wosamudziwa, woti amuuze zoona mosamunyengerera.

Za njira ya ku Africa, ilipodi. Wopambana mpikisano wa bungwe la African Billiards and Snooker Confederation wakhala akupatsidwa khadi la zaka ziwiri. Pakati pa 2019 ndi 2024 amene analitenga ndi a kumpoto kwa Africa: Mohamed Ibrahim mu 2022, Mostafa Dorgham mu 2023 ndi Hatem Yassen mu 2024, onse a ku Egypt, komanso Amine Amiri wa ku Morocco, amene anapambana pa African Games mu 2019. Kale South Africa inatulutsa Perrie Mans, amene anafika ndime yotsiriza ya mpikisano wa dziko lonse mu 1978 n'kutenga Masters mu 1979. Koma dziwani zinthu ziwiri. Khadi ndi limodzi lokha pa Africa yense, ndipo wosewera amapita moimira dziko lake, choncho mwana wanu ayenera kulembera bungwelo ndi WPBSA kuti amve zomuyenereza potengera pasipoti yomwe ali nayo. Chachiwiri, osewera a kumpoto kwa Africa ndatchulawa atalowa m'gulu la akatswiri anavutika kupambana magemu, ndipo palibe anafika m'gulu la 64 apamwamba. Njira yachidule yolowera sichepetsa mphamvu za anthu amene ukakumane nawo mkatimo.

Pali chinthu china chomwe simunafunse koma ndiyenera kukuuzani monga kholo. Wosewera wosowa ndalama ndi amene anthu obetcha amamuyandikira. Malamulo a WPBSA amaletsa wosewera kubetcha pa snooker, ndipo chilango chake n'chowawa. Stephen Lee analetsedwa kusewera zaka 12 mu 2013 chifukwa chogulitsa magemu. Mu 2023 osewera khumi a ku China analangidwa, ndipo awiri mwa iwo, Liang Wenbo ndi Li Hang, analetsedwa moyo wawo wonse. Zhao Xintong, amene sanagulitse gemu yake koma anakhudzidwa ndi mlanduwo ndiponso anabetcha, anakhala panja miyezi 20, nayambiranso ku Q Tour, kenako anatenga chikho cha dziko lonse mu 2025. Si aliyense amapeza mwayi wachiwiri wotere. Mnyamata amene ali ndi malipiro ake a pamwezi, wopanda ngongole ya nyumba ya amayi ake pamutu, savutika kukana akamuyesa.

N'chifukwa chake maganizo a malume ake sindikugwirizana nawo kwenikweni. Kumusemera nyanga kuti imufotere ndi kuyembekezera kuti alephere, ndipo ikafota ifotera pamodzi ndi nyumba yanu. Chofunika ndi pangano lomveka. Khalani pansi atatu, inu, iye ndi malume ake, mulembe papepala zinthu izi. Ntchito apitirize, ngakhale atachepetsako maola, ndipo sukulu amalize. Kwa masizoni awiri asewere Q Tour ndi mipikisano ya EPSB, zotsatira zonse zizilembedwa, zabwino ndi zoipa zomwe. Ndalama yolowera Q School aisunge yekha kuchokera m'malipiro ake, chifukwa munthu amasewera mosamala akadziwa mmene ndalamayo inapezekera. Inu, ngati mungathe, muthandize pa zinthu zazing'ono zomwe simungalire nazo zitapita, monga tikiti ya sitima kapena malipiro a kochi. Masizoni awiriwo akatha mudzakhalenso pansi n'kuona zomwe zalembedwa. Zikadzaonetsa kuti akugonjetsa anthu omwe anakhalapo ndi khadi, nkhani yosiya ntchito idzakhala yoyenera kuikambirana. Zikadzaonetsa zina, adzakhala ndi ntchito ya manja ake, ndipo snooker adzapitiriza kuisewera mosangalala.

Musanayambe zokambiranazi, tsiku lina mupite mukamuonere akusewera pa mpikisano. Mwana amamva msanga malangizo a kholo limene laona ndi maso ake chimene iye amachikonda, ndipo inunso mudzalankhula naye mukudziwa zomwe mukunena.

Mlangizi