Kulowetsa Galu wa Terrier pa Mpikisano ndi Kumubereketsa

Agalu ambiri a mtundu wa terrier anachokera ku Britain ndi Ireland, kumene ntchito yawo inali kupha makoswe ndi kutulutsa nkhandwe ku una. Lero amapikisana pa zionetsero monga Crufts, chomwe chinayamba mu 1891 ndipo chimachitikira ku Birmingham mwezi wa Marichi. Wofuna kulowa nawo ayambe ndi galu mmodzi wabwino, kubereketsa kubwere pambuyo.

1. Gulani galu wa m'kaundula. Ku Britain kaundulayu ali m'manja mwa Kennel Club, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1873, pomwe ku South Africa ali m'manja mwa bungwe la KUSA. Pitani mukaone mayi wa kagaluko ndi mapepala a makolo ake. Ku England kagalu sikagulitsidwa kasanathe masabata 8, ndipo kayenera kukhala ndi microchip. Musatenge kodulidwa mchira, chifukwa lamulo la kumeneko limaletsa kuonetsa galu wotero pa chionetsero chimene anthu amalipira polowa.

2. Dziwani zimene woweruza amafuna. Mtundu uliwonse uli ndi muyeso wake wolembedwa. Kwa Border terrier, woweruza amazinga chifuwa cha galu ndi manja awiri kumbuyo kwa mapewa. Manja akapanda kukumana, ndiye kuti galuyo sakanalowa ku una, ngakhale akongole chotani.

3. Ubweya muzizula ndi zala. Agalu a ubweya wolimba monga Border, Airedale ndi Wire Fox terrier sametedwa ndi makina, chifukwa ubweya umafewa n'kufwifwa. Zulani wakufa wokha, pang'onopang'ono, motsata kumene wagonera. Yambani masabata angapo chionetsero chisanafike kuti watsopano umere.

4. Muphunzitseni za m'bwalo. Azolowere kuima chilili patebulo, kuonedwa mano ndi mlendo, ndi kuyenda kumanzere kwanu chingwe chili cholekerera. Terrier ndi wamakani, choncho muzipita naye ku makalasi otchedwa ringcraft kuti azolowere agalu anzake. Amaloledwa kupikisana akakwanitsa miyezi 6.

5. Yambirani pa zionetsero zazing'ono. Zazikulu zibwere pambuyo: njira imodzi yoti galu atchedwe Champion ku Britain ndi kupata ziphaso 3 zotchedwa Challenge Certificate kwa oweruza atatu osiyana, chimodzi mwa izo atapitirira miyezi 12. Zimene oweruza akunena za galu wanu muzizisunga, chifukwa n'zimene zidzakuuzeni ngati ali woyenera kusiya mbewu.

6. Yezetsani musanakweretse. Matenda ena amabisala m'magazi a makolo ooneka athanzi. Jack Russell ayezedwe PLL, nthenda yosuntha galasi la m'diso n'kuchititsa khungu. Staffordshire bull terrier ayezedwe ng'ala yotengera kwa makolo ndi L-2-HGA, yomwe imagwira ubongo. Agalu awiri onyamula nthenda imodzi asakweretsedwe.

7. Sankhani wamphongo wokonza zofooka za wamkazi wanu, osangotsata kutchuka. Kennel Club silemba ana ngati mayi anakweretsedwa asanakwanitse chaka, ngati waswa atafika zaka 8, kapena ngati waswa kale kanayi. Silembanso ana a bambo ndi mwana wake, mayi ndi mwana wake, kapena a mimba imodzi.

8. Konzekerani kuswa. Bere la galu limatha masiku pafupifupi 63. Konzani bokosi lofunda pamalo pa phee, ndipo nambala ya dokotala wa ziweto ikhale pafupi. Ku England woswetsa katatu kapena kuposerapo pa miyezi 12 amafunika laisensi ya kukhonsolo.

Pezeranitu ogula musanakweretse, ndipo mugwirizane nawo kuti akadzalephera kusunga galuyo adzamubweze kwa inu.