Mmene mungasungire nkhani za agogo a ku Angonia za nthawi ya Samora

Mu February 1977 chipani cha Frelimo cha ku Mozambique chinalengeza kuti chikutsata chikomyunizimu cha Marx ndi Lenin, ndipo chinachisiya mu 1989. Anyamata ndi atsikana a nthawi imeneyo ku Angonia, Tsangano ndi Macanga lero ali ndi imvi, ndipo ena anakhazikika ku Dedza ndi ku Ntcheu atathawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Zolankhula za Pulezidenti Samora Machel zili m'mabuku, koma za kumene mayi ankapeza mchere zili m'mitu ya agogowa.

Mukafuna kujambula nkhani zawo, tsiku loyamba foni ikhale m'thumba. Kachezeni chabe, mufotokoze cholinga, mufunse ngati akulola kuti dzina lawo lidzatchulidwe. Musadabwe akakana: m'mudzi umodzi mungakhale amene anali mlembi wa grupo dinamizador, komiti ya Frelimo ya m'deralo, ndi wina amene mwana wake anatengedwa ndi Renamo, ndipo akumwerabe chitsime chimodzi.

Tsiku lojambula khalani kutali ndi chigayo ndi wailesi. Foni muiike pampando pafupi ndi agogo, muyambe potchula tsiku, mudzi ndi wolankhula. Ola limodzi n'lokwanira. Amayi muwafunse paokha, chifukwa pamaso pa abambo amangoti "ndi momwemo".

Musafunse kuti, "Boma lija linali labwino?" Funsoli limatseka pakamwa. Funsani za zinthu zogwirika: "Agogo, mu loja do povo, sitolo ya boma ija, munkapeza chiyani? Sopo akasowa munkachapira chiyani?" Pamenepo candonga, malonda ozembetsa aja, itulukira yokha. Funsani za guia de marcha, chikalata chimene munthu ankayenera kukhala nacho poyenda ulendo: ankalemba ndani, nanga maliro akagwa kutsidya kwa malire zinkatha bwanji? Funsani za kusamukira ku aldeia comunal (midzi imene boma linasonkhanitsiramo anthu), amene anatsala ndi manda a makolo, tsiku lolima m'munda wa onse, ndiponso mmene mafumu ankakhalira atawalanda mphamvu. Funsaninso za sukulu za kwacha ndi katemera, poti ena amazikumbukira mokondwa. Wina akatchula mbale amene anapititsidwa ku Niassa pa Operação Produção mu 1983, pamene boma linkachotsa m'mizinda anthu amene linkati ndi malova, n'kukhala chete, musamufulumizitse, foni izijambulabe.

Agogo akasokoneza zaka musawatsutse. Ingofunsani ngati zinachitika ndalama ya metical isanabwere mu 1980, kapena Samora atamwalira kale mu October 1986.

Madzulo omwewo sungani mawuwo m'malo awiri, pa kompyuta ndi pa memori khadi, chifukwa foni imabedwa ndipo za pa WhatsApp zimafufutika. Polemba papepala, mawu a Chipwitikizi muwasiye momwe anatulukira, tanthauzo mulembe m'mbali. Kenaka bwererani kuti agogo akamvetsere mawu awo, ndipo zimene anene kuti zichotsedwe, muzichotse.