Kobiri lobowoka la agogo

Funso: Ndine wa ku Shikabeta, m'boma la Rufunsa. M'chikwama cha malemu agogo ndapezamo kobiri lobowoka pakati, lolembedwa Zambia 1966. Anzanga akuti ndi ndalama yongoyesera, yomwe sinagwirepo ntchito. Nzoona?

Yankho: Ayi mbale wanga, limeneli linagulirapo anthu mchere. Zambia inkagwiritsa ntchito mapaundi, masheleni ndi makobiri mpaka pa 16 Januwale 1968, pomwe kwacha ndi ngwee zinayamba. Ndalama zoyesera amazisula zowerengeka, zongoonetsa akuluakulu, monga Nova Constellatio za ku America za 1783, zomwe Robert Morris anakonzetsa koma boma silinazivomereze.

Komabe lanulo lisungeni, ndi mbiri ya dziko. Chonde musalikweche ndi phulusa kapena mchenga, mungaliwononge.