Azakhali Ayankha: Mavesi Satembenuza Wodwala

Azakhali,
Bambo anga, amene kale ankagwira ntchito ku Kafue Textiles, anafa ziwalo mbali imodzi ndi sitiroko. Kuwasambitsa ndine, kuwadyetsa ndine, kuwatembenuza usiku ndinenso. Malonda anga a nsomba ndinasiya. Alongo anga awiri ali ku Lusaka, amangotumiza mavesi pa WhatsApp. Dzulo ndinawakalipira bambo atataya phala, kenaka ndinalira. Kodi ndine mwana woipa?
Wotopa, Shikoswe, Kafue

Mwana wanga Wotopa,
Mwana woipa salira chifukwa cha phala. Iwe n'tulo chabe takusowa. Koma bwera kuno ndikutsine khutu pang'ono, chifukwa akazi a mtundu wako ndimawadziwa. Mlamu wako akati akuthandize kusambitsa bambo, suja umaima pakhomo n'kumati madzi atentha, thaulo si limenelo, ingosiyani ndichita ndekha? Ndiye anthu anasiyadi. Ufumu wa beseni unaulanda wekha, lero ukudandaula kuti mpando ukuwotcha.

Tsono alongo akowo. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Kafue sipakwana makilomita 50, minibasi zimangopitana tsiku lonse. Alipo anthu amene amagona ku Kafue n'kumalawirira ntchito ku Lusaka, ndiye abwana awiriwa msewu unawatalikira liti? Usawafunse kuti “mudzabwera liti”, yankho lake ndi “tiona”. Itana ankhoswe a banja, mugawane masiku ngati chilimba: Loweruka ili la wamkulu, linalo la wamng'ono. Wolephera kubwera atumize ndalama pa foni yolipira munthu wogwira tsikulo, kuphatikizapo ya sopo, magolovesi ndi matewera. Vesi libwere pambuyo pa ndalama, tidzayankha ameni.

Akabwera, uwaphunzitse ntchito yeniyeni. Munthu wosatha kudzitembenuza amafunika kumusintha mbali pafupifupi maola awiri alionse, apo ayi zilonda zimayamba m'chiuno ndi ku zidendene. Ponyamula apinde mawondo, osati msana. Iwenso zimenezi zikukukhudza.

Upitenso ukaonane ndi a komiti yoona za anthu ovutika (CWAC) ya m'dera lanu kapena ofesi ya Social Welfare. Mtukula pakhomo uja wa Social Cash Transfer, amene anayambira ku Kalomo mu 2003, amaganizira mabanja osauka okhala ndi munthu wolumala kwambiri kapena wodwala nthawi yaitali. Sindikulonjeza kuti akulemba mawa, koma amene sanapite kukafunsa salembedwa. Ku tchalitchi nako uleke kuyankha “tili bwino” amayi a chigwirizano akafunsa. Uwauze kuti Lachitatu masana ukufuna munthu.

Ndipo ukapita nawo bambo ku sikelo ya BP ku Kafue General Hospital, nawenso upereke mkono akuyeze.

Loweruka lako lopuma likafika, utuluke m'nyumbamo. Ukamangitse tsitsi, ukaone ngati malo ako a pamsika akadalipo, kapena ukagone kwa mnzako ku Nangongwe. Ndikamva kuti unatsala “kuti uwaonetse pamene pali supuni”, ndikwera basi ndekha kudzakutulutsa.

Ndine Azakhali ako