Kodi andilodza pa WhatsApp?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimagulitsa kaunjika ku Limbe. Sabata yatha ndinalandira uthenga pa WhatsApp wochokera pa nambala ya mnzanga wa kukwaya. Anati manambala ake ena asochera n'kubwera pa foni yanga, ndiye ndimubwezere msanga. Ndinaonadi SMS ya manambala 6 ndipo ndinamutumizira. Posakhalitsa WhatsApp yanga inatsekeka. Madzulo achimwene a ku Johannesburg anaimba kufunsa ngati ndatuluka m'chipatala, ati atumiza kale ndalama pa nambala imene ndinawapatsa. Azakhali, ine sindinadwale ngakhale chimfine. Kodi alipo kumsika kuno amene wandichita zamankhwala?

Wothedwa nzeru, Limbe

Mwana wa achimwene anga,

Nkhuku yako usakataye kwa sing'anga, mfiti ndakupezera kale. Ndi chala chakocho chimene chinatumiza manambala aja. Iwe amene umatembenuza diresi ya m'belo katatu kufuna pong'ambika, uthenga umodzi unalephera kuutembenuza? Safunsa adadya phula.

Tamvera mmene anakubera. Munthu akalemba nambala yako pa WhatsApp ya foni ina, WhatsApp imatumiza manambala 6 ku SIM yako pofuna kutsimikiza kuti ndiwe mwiniwake. Manambalawo ndiwo kiyi wa nyumba. Wakubayo analemba nambala yako pa foni yake, kiyi anabwera kwa iwe, iwe n'kumupatsa ndi manja awiri ngati ukupereka madzi kwa apongozi. Mnzako wa kukwaya usamukwiyire. Naye anamubera chimodzimodzi, wakubayo n'kuvala nkhope yake pobwera kwa iwe.

Lero lomwe, tsegulanso WhatsApp, ulembe nambala yako, ulowetse manambala atsopano amene abwere pa SMS. Ukalowa iwe, wakubayo amatuluka. Ngati anatchera PIN yake, ungadikire mpaka masiku 7, koma akauntiyo ibwerera. Ukangolowa, pita pa Settings, Account, Two-step verification, uike PIN yakoyako. Pakadali pano imbira abale, a kukwaya ndi a banki m'khonde kuti asatumize kalikonse. Nambala imene inalandira ndalama za achimwene ukainene ku kampani ya foni ndi kupolisi. Kulowa mu akaunti ya mwini popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016.

Popeza wandiputa, ndikutsine khutu pa zinanso. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba ili ngati mikanda ya m'chiuno, saionetsa pamsika. Wina akaimba ndi mawu a uchi, ati ndi wa kukampani, ati wapambana mphoto pa mpikisano umene sunalowe n'komwe, dula foni. Wa kukampani weniweni safunsa PIN. Ndipo ndikudziwa kuti PIN yako ndi chaka chimene unabadwa. Usatsutse! Chaka chomwecho unachilengeza pa Facebook pamodzi ndi keke. Isinthe.

Chitupa cha unzika nachonso si chithunzi cha paukwati choti uzitumizira aliyense amene walonjeza ntchito kapena ngongole. Kuyambira 2018 nambala za foni m'Malawi muno zimalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake. Tambwali akalembetsa nambala m'dzina lako n'kumabera anthu, apolisi adzayamba kugogoda pakhomo pako.

Achimwene a ku Joni uwauze kuti tsiku lina akadzamva kuti wagonekedwa, adzayambe aimba amve mawu ako. Ndipo ngati ndalama zikuwayabwa m'thumba, azakhali awo ndilipo, nyamakazi yanga ndi yeniyeni.

Ndine Azakhali ako